Bwanji Poloti Iyi Ikudula Kuposa Inzake?

 Ana anga, ndine azakhali anu. Lero ndabwera ndi masamu, koma musathawe ayi. Masamu ake ndi olemba pansi ndi kamtengo. Funso lathu nali. Mapoloti awiri ndi ofanana kukula. Onse ali pa Wimbe pomwepa. Dothi lake ndi limodzi. Mvula imagwa chimodzimodzi. Koma pogulitsa, ina ikudula kwambiri, inzake yotchipa. Kodi zoterezi zingatheke? Ee, zimatheka, ndipo zimachitika tsiku ndi tsiku. Wogula sayang'ana kukula kokha. Amayang'ananso maonekedwe a maloyo. Kenaka amafunsa kuti, msewu uli kuti?

Kodi malo onse amagulitsidwa? Ayi. Kumudzi, malo ambiri ndi a makolo. Amfumu ndi akuluakulu a banja ndiwo amaloza kuti uyu alime apa, uyo amange apo. Koma pafupi ndi msika zinthu zimasintha. Pamabwera aphunzitsi, anamwino, ochita malonda ndi ogula fodya. Onsewa amafuna pogona. Ndiye eni malo amadula malo awo m'zigawozigawo. Chigawo chilichonse ndiye poloti. Pa Mtunthama pali sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981. Pamalo pamene pali sukulu yaikulu chonchi, ogwira ntchito amachuluka, ndipo ofuna nyumba amachulukanso. Ku Kasungu pa boma ndiye osanena.

Nanga poloti amaiyeza bwanji? Amayeza mbali ziwiri, m'lifupi ndi m'litali. Mukamva akuluakulu akuti "15 by 30", akunena kuti mamita 15 uku, mamita 30 uko. Mita imodzi ndi pafupifupi sitepe imodzi yaikulu ya munthu wamkulu. Inu miyendo yanu ikadali yaifupi, ndiye tambasulani kwambiri. Alimi a fodya amadziwa bwino kuyeza kotereku. Ambiri amati ekala imodzi ndi masitepe 70 uku, masitepe 70 uko. Tayesani pabwalo la mpira kusukulu. Yendani masitepe 15, khotani, yendaninso 30. Ikani mwala pa kona iliyonse. Mwayeza poloti yanu yoyamba!

Tsopano tengani kope la masamu, lija la timabokosi. Tiyerekeze kuti kabokosi kamodzi ndi mita imodzi uku, mita imodzi uko. Jambulani mapoloti atatu. Yoyamba ikhale 20 m'lifupi, 20 m'litali. Yachiwiri ikhale 10 m'lifupi, 40 m'litali. Yachitatu ikhale 5 m'lifupi, 80 m'litali. Yachitatuyi sikwana pa tsamba limodzi, ndiye lumikizani masamba. Kodi yaikulu ndi iti? Musafulumire. Chulukitsani. 20 kuchulukitsa ndi 20 ndi 400. 10 kuchulukitsa ndi 40 ndi 400. Nanga 5 kuchulukitsa ndi 80? Ndi 400 yomweyo! Onse atatu ali ndi timabokosi 400 ndendende. Maso akukana, koma masamu akuvomera. Ndi ofanana kukula.

Ngati ndi ofanana, ndiye kuti mpanda wake ndi wofanananso? Tiyeni tizungulire tione. Poloti yoyamba ili ndi mbali zinayi za mamita 20. Kuphatikiza zonse, mpanda wake ndi mamita 80. Yachiwiri, 10 ndi 40 ndi 10 ndi 40, ndi mamita 100. Yachitatu, 5 ndi 80 ndi 5 ndi 80, ndi mamita 170. Mwaona zodabwitsazo? Malo ndi omwewo, koma mpanda wa yachitatu ukuposa mipanda iwiri ya yoyamba. Taganizani njerwa zake. Taganizani mchenga, simenti ndi malipiro a mmisiri. Ngakhale mpanda wa udzu, pafunika mitolo yambiri, mitengo yambiri ndi luzi lambiri. Wogula wochenjera amawerengera zonsezi mumtima asanatulutse ndalama. Akaona poloti yowonda, amayamba kunenerera.

Kodi mukufuna kuzigwira ndi manja zimenezi? Pezani timitengo 24 tofanana kutalika. Ta machesi tothaitha tingachite bwino. Timitengoti ndi mpanda wanu. Pangani bwalo la timitengo 6 mbali iliyonse. M'kati mwake mukwana timabokosi 36. Liphwasuleni. Pangani lina la 8 ndi 4. Timabokosi tatsika, tafika pa 32. Pangani la 10 ndi 2. Tatsala 20 tokha. Lomaliza likhale la 11 ndi kamodzi. Timabokosi 11 basi! Simunataye kamtengo ngakhale kamodzi. Nanga malo aja apita kuti? Sanabedwe ayi. Bwalo likamawonda, mpanda umathera m'mbali, ndipo m'kati mumachepa. Ine masewera amenewa sanditopetsa. Kawaonetseni agogo madzulo ano, muone ngati angalote yankho.

Nanga nyumba ingakwane pa mapoloti atatu aja? Nyumba simangidwa mogundana ndi malire. Pamafunika mpata wodutsa munthu. Pamafunika pogwera madzi a padenga, kuti asagwere kwa aneba. M'matauni, khonsolo imaonetsetsa kuti mpata wotere wasiyidwa. Tiyerekeze kuti tasiya mamita 2 mbali zonse. Pa poloti yoyamba patsala mamita 16 m'lifupi. Apa mumanga nyumba ya zipinda zingapo, ya khonde lake. Pa yachiwiri patsala mamita 6. Nyumba itheka, koma yowonda, zipinda zake zondondozana. Pa yachitatu patsala mita imodzi yokha. Ha! Mungagonemo? Bedi lingalowe movutikira, koma podutsa palibe. Timabokosi 400 tilipo ndithu, koma nyumba yakana.

Ndiye kuti poloti yaitali ndi yachabechabe? Ayi, tisainyoze msanga. Taganizani zimene zimakhala pakhomo la mlimi kwathu kuno. Pali nyumba yaikulu, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Pali thandala la mbale, nkhokwe, khola la mbuzi ndi dzenje la zinyalala. Palinso chigafa. Mukuchidziwa chigafa, chachitali, chopanda makoma, cha denga la udzu. M'kati mwake mumalendewera masamba a fodya osokedwa, ali pa mikangala, akusanduka ofiirira pang'onopang'ono. Chigafa chimafuna malo aatali ndi mphepo yodutsa. Pa poloti ya 10 ndi 40 chimakhala bwino kuseri. Palinso nkhani ya chitsime. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa. Pa poloti ya 20 ndi 20, ngakhale mutayeza kuchokera pa kona kufika pa kona ya tsidya, mamita 30 sakwana. Pa yaitali ija akukwana, n'kutsalako. Apa yaitali yapambana.

Bwanji poloti ikakhala ya makona atatu ngati samusa? Zimachitika pamene njira ziwiri zakumana mopendekeka. Jambulani imodzi mu kope lanu. Kenaka dulani kapepala ka makona anayi, kakhale nyumba yanu. Kayendetseni m'kati mwa polotiyo. Pakati kakukwana. Tsopano kakankhireni ku kona yosongoka. Kakukana, eti? Nyumba zathu ndi za makona anayi. Bedi ndi la makona anayi. Tebulo, chitseko, lata, njerwa, zonsezi ndi za makona anayi. Ndiye kona yosongoka imangotsala. Mwina mungadzalemo papaya kapena mpiru. Koma wogula amati, ndilipirenji malo oti sindimangapo? N'chifukwa chake poloti yotere kawirikawiri imatchipa.

Kodi palibe amene anamangapo pa malo a makona atatu? Alipo! Mu mzinda wa New York ku America muli misewu iwiri yotchuka, Broadway ndi Fifth Avenue. Pamene imadutsana panatsala kamalo kosongoka. Mu 1902 anamalizapo nyumba yosanjikizana yaitali kwambiri, dzina lake Flatiron. Nayonso ndi ya makona atatu. Kutsogolo kwake ndi kowonda zedi, pafupifupi mamita awiri okha. Anavutikiranji chonchi? Chifukwa malowo ali pakati pa misewu yodutsa anthu miyandamiyanda. Pamalo potero ngakhale kakona kamakhala ndi ntchito. Ndiye tiyeni tipite ku msewu, chifukwa kumeneko ndiye kuli nkhani yaikulu.

Kodi poloti ili ndi kumaso? Ee, ili nako. Kumaso kwake ndi mbali imene yayang'ana msewu. Tengani poloti ija ya 10 ndi 40, muidule ndi sizasi. Ikani rula pa tebulo, ikhale msewu. Gundanitsani mbali yaifupi ya poloti ndi rula. Kumaso kwake ndi mamita 10. Tsopano itembenuzeni, mbali yaitali igone pa rula. Kumaso kwafika mamita 40! Pepala ndi lomwelo. Simunawonjezere kanthu. Mwangolitembenuza basi. Koma pa msika, kutembenuza kumeneku kungasinthe mtengo kwambiri.

Chifukwa chiyani anthu amalimbirana kumaso? Chifukwa makasitomala amayenda mu msewu. Tayang'anani pa Wimbe kapena pa msika uliwonse umene muli nawo pafupi. Magolosale afola m'mbali mwa msewu. Tiyirumu ili pomwepo. Wokonza njinga wakhala pansi pa mtengo pomwepo. Telala waika makina ake pakhonde, akuyang'ana odutsa. Wachigayo, wometa, wotchaja mafoni, onse zitseko zawo zaloza kumsewu. Palibe amene amabisa sitolo kuseri kwa nkhokwe. Tayesani kuwerenga. Pemphani munthu wamkulu akuperekezeni. Imani patali ndi msewu, pamthunzi. Kwa mphindi 10, ponyani kamwala m'chitini munthu aliyense akadutsa. Wapansi, wapanjinga, wakabaza, onse. Tsiku lina chitani zomwezo pa kanjira ka kuseri kwa nyumba. Kenaka khuthulani zitini ziwirizo. Mulu waukulu ukuuzani kumene kuli malonda.

Nanga ndi liti pamene msewu umadzaza kwambiri kwathu kuno? Ndi nyengo yogulitsa fodya. Misika ya fodya imatsegulidwa cha mu Epulo. Alimi amakhala atasankha masamba, kuwamanga ndi kuwadinda pa jeke. Mabelo amakwera ngolo mpaka pamsewu. Kuchoka apo amakwera malole, ulendo wa ku okushoni ku Chinkhoma, m'boma lathu lomwe lino la Kasungu, kapena ku Kanengo ku Lilongwe. Ndalama zikabwera, pamsika pamakhala piringupiringu. Uyu akugula malata, uyo njinga, winayo nsapato za ana. Amene ali ndi chitseko kumsewu amagulitsa mpaka madzulo. Amene ali kuseri amangomva phokoso.

Kodi kumaso kwa mamita 40 kungakwane zitseko zingati? Tiyerekeze kuti chipinda chimodzi cha sitolo ndi mamita 4 m'lifupi. Gawani 40 ndi 4. Zipinda 10! Tichotsepo chimodzi, pakhale geti. Zatsala 9. Nanga kumaso kwa mamita 10? Zipinda ziwiri zokha, ndi kampata ka mamita 2 kolowera kuseri. Chipinda chilichonse chingakhale ndi munthu wochita lendi, wolipira mwezi ndi mwezi. Tengani nyemba. Ikani nyemba imodzi pa chitseko chilichonse. Bwerezani ka 12, chifukwa chaka chili ndi miyezi 12. Uku mupeza nyemba 108. Uko mupeza 24. Mwaona chimene wogula akulipira? Sakugula dothi lokha. Akugula zitseko zimene sizinamangidwe n'komwe.

Kodi msewu umabweretsa anthu okha? Ayi. Mukamayenda, kwezani maso. Mapolo a ESCOM kawirikawiri amatsata msewu. Ku Kasungu pa boma, mapaipi a madzi a Central Region Water Board nawonso amayenda m'mbali mwa misewu, pansi pa dothi. Nyumba ikakhala pafupi ndi polo, waya wake ndi waufupi. Ikakhala kutali, pafunika mapolo ena, ndipo ndalama zimakwera. Midzi yambiri ya kutali ndi mawaya imadikira zaka ndi zaka. Inu a ku Wimbe mukumudziwa William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala. Kwawo kunalibe magetsi. Ali ndi zaka 14, anawerenga buku la mu laibulale ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Anatola zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2002 anamanga makina oyendera mphepo, ndipo babu linayaka m'nyumba mwawo. Dziko lonse linamva za iye. Koma si aliyense angachite zimenezi. Ambiri amangofuna poloti ya pafupi ndi polo.

Nanga poloti yopanda kumaso n'komwe iliko? Iliko, ndipo ndi yambiri. Ndi ija ili kuseri kwa inzake. Kuti mufikeko mumadutsa kanjira pakati pa mipanda iwiri. Tsekani maso, muyerekeze kuti mukumanga nyumba kumeneko. Lole yabwera ndi mchenga. Siingalowe. Yakhuthula kumsewu. Tsopano tengani wilibala, kapena senzani ndowa pamutu. Ulendo woyamba, wachiwiri, wachikhumi, msana wayamba kudandaula. Njerwa nazonso chimodzimodzi. Ngolo ya chimanga ikabwera, ng'ombe ziima pa mpanda. Munthu akadwala usiku, galimoto siifika pakhomo, mpaka kumunyamula. Choopsa china n'chakuti kanjira kaja mwina n'ka mwini wake. Tsiku lina akhoza kumangapo khola. Milandu yambiri ya kwa amfumu imayamba chonchi. N'chifukwa chake akuluakulu pogula amafunsa kuti, njira yolowera ndi iti, ndipo ndi ya yani? Yankho lake amafuna lilembedwe pa pepala, pamaso pa mboni.

Kodi m'mizinda ikuluikulu ziliko zimenezi? Ziliko zedi. Lilongwe inakhala likulu la dziko lathu mu 1975. Madera ena a mzindawu, monga Area 18 ndi Area 47, anayamba ajambulidwa pa pepala. Misewu inalembedwa kaye, mapoloti pambuyo. Nyumba iliyonse inapatsidwa kumaso kwake. Madera ena, monga Mtandire ndi Chinsapo, kapena Ndirande ku Blantyre, anakula mwa okha. Anthu ankangomanga pamene apeza mpata. Kumeneko kuli tinjira tokhotakhota, tina tongokwana munthu mmodzi ndi ndowa yake. Nyumba ziwiri zikhoza kufanana njerwa ndi malata. Koma imene galimoto imafika pakhomo imadula kuposa ya m'kati mwa tinjira.

Ndiye kuti kukhala m'mbali mwa msewu n'kokoma nthawi zonse? Apa ine ndikuti ayi. Funsani amayi amene amayanika ufa pafupi ndi msewu wafumbi. Mwezi wa Okutobala lole ikadutsa, fumbi limangoti koboo! Ufa woyera uja usanduka wofiira. Zovala za pa chingwe zifunika kuchapanso. Usiku njinga zamoto sizigonetsa tulo. Nkhuku zimagundidwa. Ndipo mwana wongoyamba kuyenda sadziwa kuti msewu ndi woopsa. Wamalonda amapirira zonsezi chifukwa akupeza ndalama. Koma banja longofuna pogona limaganiza kawiri. Kwa iwo, poloti ya pa msewu waukulu ikhoza kukhala yosasangalatsa, ngakhale ikudula.

Nanga banja lotere limafuna chiyani? Limafuna msewu ndithu, koma waung'ono. Woti galimoto ifike pa geti, koma malole asamadutsepo. Woti ukayenda pang'ono wafika pokwerera minibasi. Ku Lilongwe, nyumba zodula kwambiri za ku Area 10 ndi Area 43 sizili pakati pa msika. Zili m'misewu yachete, ya mitengo m'mbali, pa mapoloti otakasuka. Ndiye msewu umodzi womwewo ukhoza kukweza mtengo wa sitolo, n'kutsitsa mtengo wa nyumba yogona. Zimatengera amene akugula, ndi chimene akufuna kuchitapo.

Kodi munthu angamange mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu? Ayi, ndipo apa tcherani khutu. Msewu uli ndi malo ake mbali zonse ziwiri. Malowo ndi a boma. Amasungidwira ngalande, mapolo, mapaipi, ndi kukuza msewu m'tsogolo. Pa misewu ikuluikulu, ngati M1 imene imadutsa pa Kasungu kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, malowa ndi mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali iliyonse. Yezani masitepe 30 pabwalo, muone kutalika kwake. Mukadzakwera basi, yang'anani pa windo. Mudzaona makoma ena olembedwa X wamkulu wofiira. Chizindikiro chimenecho chikunena kuti nyumbayo ili m'njira ya msewu, ndipo ikhoza kugwetsedwa. Tsopano kumbukirani poloti ija tinaigoneka pa rula, ya kumaso 40 koma yolowa m'kati mamita 10 okha. Ngati wogulitsa anayamba kuyeza pafupi ndi phula, poloti yonseyo ili m'malo a msewu. Zipinda 9 zija zathera pomwepo.

Nanga poloti ya pa kona, pokumana misewu iwiri? Imeneyi ili ndi kumaso kuwiri. Wochokera uku akuiona. Wochokera uko akuionanso. Mwini wake akhoza kuika sitolo mbali imodzi, geti la nyumba mbali inayo. Amalonda amaikonda kwambiri, ndipo nthawi zambiri imayamba kugulidwa ndi imeneyi. Koma fumbi nalonso limabwera kawiri. Mpata wa msewu umasiyidwa mbali ziwiri. Ndipo ngati palibe mpanda, anthu amadulira pomwepo. Inunso mumatero pochokera kusukulu, ndikudziwa! Pakangotha mwezi, pakati pa poloti pamakhala patapita kanjira.

Kodi pali chinanso choyang'ana kumsewu? Chilipo chimodzi, ndipo chimaoneka nthawi ya dzinja yokha. Mvula ikagwa, madzi a mumsewu amathamangira kumunsi. Poloti ikakhala m'munsi mwa msewu, madziwo amalowa pa geti osaodira. Ikakhala kumtunda, amangodutsa. Mvula ikadzakata, tulukani mukaone kumene timitsinje ta pabwalo tikulowera. Anthu odziwa amakonda kuyendera poloti mu Januwale kapena Febuluwale, nsapato zili m'manja.

Nanga malire a poloti amadziwika bwanji? Kumudzi mumaona mzere wa khonje kapena wa nkhadze. Nkhadze ija musamaithyole, utomoni wake woyera umapweteka maso koopsa. Ena amaloza chulu, mtengo wa mango kapena mwala waukulu. Koma mtengo umadulidwa, ndipo chulu chimagumulidwa n'kuumba njerwa. N'chifukwa chake oyeza malo amaika mabikoni. Bikoni ndi kasimenti kokwiriridwa pa kona, nthawi zambiri kali ndi kachitsulo pakati. Kafufuzeni pakhomo panu kapena pa sukulu, mwina mukapeza kabisala mu udzu. Mukakapeza, kayang'aneni chabe. Kuzula kapena kusuntha bikoni ndi mlandu. Mu 2016 dziko lathu linakhazikitsa malamulo atsopano a malo. Malamulowa amalola kuti ngakhale malo a makolo ayezedwe ndi kulembetsedwa. Poloti ya malire odziwika bwino, ya mapepala ake, wogula amailipira mtima uli m'malo.

Tsopano nayi ndagi yoti muimasule. Agogo ena ali ndi malo a mamita 40 uku, 40 uko. Mbali imodzi yokha ndiyo ili kumsewu. Akufuna kugawira adzukulu anayi mofanana. Adule bwanji? Jambulani. Njira yoyamba ndi kudula pakati, n'kudulanso mopingasa. Aliyense apeza 20 ndi 20, poloti yokongola ija. Koma taonani bwino. Awiri ali kumsewu, awiri atsekeredwa kuseri. Pamenepa padzabuka mkangano. Njira yachiwiri ndi kudula mizere inayi kuchokera kumsewu mpaka kumapeto. Aliyense apeza 10 ndi 40. Onse akhudza msewu, koma onse alandira zowonda.

Kodi alipo anasankhapo njira yachiwiriyi? Ambiri. Ku Canada kuli mtsinje waukulu wotchedwa St. Lawrence. M'zaka za m'ma 1600 kunafika anthu ochokera ku France, m'dera limene lero ndi Quebec. Nthawi imeneyo misewu kunalibe. Msewu wawo unali mtsinjewo. Ankayenda pa mabwato, ndipo aliyense ankafuna kukocheza pakhomo pake. Ndiye minda inadulidwa yowonda kumtsinje, yaitali kulowa kumtunda. Mpaka lero, munthu akakhala mu ndege amaiona mizeremizere, yonse italoza kumadzi. Kwathu kunonso, taonani madimba a m'mbali mwa dambo kapena mwa mtsinje wa Bua. Aliyense amafuna kachigawo kofika kumadzi, kuti ndowa ndi kheni zisamayende mtunda wautali.

Palibe njira yachitatu yowathandiza agogo aja? Ilipo. Dulani kamsewu ka mamita 4 pakati pa malowo, kuchokera ku msewu waukulu kulowa m'kati. Kumanzere kutsala mamita 18, kumanja 18. Tsopano dulani mbali iliyonse pawiri. Mdzukulu aliyense apeza 18 ndi 20. Chulukitsani. Ndi timabokosi 360. Aliyense wataya timabokosi 40. Koma onse anayi ali ndi geti lawolawo. Ngolo ilowa. Lole ya mchenga ifika. Palibe wodutsa pabwalo la mnzake. Oyeza malo m'matauni amachita chimodzimodzi akamadula mapoloti ambiri. Amayamba asiya misewu, ngakhale ikudya malo. Nanga adzukulu akanakhala asanu? Imeneyo ndakusiyirani. Tengani kamtengo, salazani dothi pabwalo, muitane anzanu anayi. Aliyense aime pa chigawo chake, kenaka ayese kufika kumsewu osaponda malo a mnzake.